Funsani Tikuyankheni: Malamulo a malonda a zaulimi amakomera ndani?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya mitengo ya zokolola ndi malamulo a malonda a pakati pa mayiko. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa kuti malo akwane koma mafunso ake sindinasinthe.

Zikomo akonzi. Ine ndimalima thonje ndipo chaka ndi chaka ogula akabwera amangoti mtengo watsika kunja palibe chomwe tingachite. Kunja kwake kuti? Ndani amakhala pansi nkunena kuti chaka chino thonje ligulidwe motere? Mwana wanga akuti alimi a kumayiko olemera boma limawapatsa ndalama olo mtengo utagwa, nde ife bwanji timangouzidwa kuti tipirire?
*Bambo wolima thonje*

Bambo, mwana wanuyo sananame. Palibe munthu mmodzi amene amakhala pampando nkulengeza mtengo wa thonje wa dziko lonse lapansi ayi, mtengowo umachokera kumisika ikuluikulu monga wa ku New York komwe amalonda amagulitsana thonje loti silinathyoledwe nkomwe, nde kampani yomwe imakugulaniyo imangoyang'ana pamenepo nkuchotsapo za thiransipoti, za kufakitale yochotsa njere, ngongole ya mbewu ndi mankhwala, phindu lake, zotsalazo ndi zomwe mumauzidwa tsiku logulitsa. Mpaka apa ogulawo akunena zoona. Chomwe sakuuzani nchoti mtengo wakunjawo sumangotsika wokha, muli manja a maboma mmenemo.

Taonani mmene zimayendera. Mtengo ukagwa inu chaka chamawa mumachepetsa munda kapena kudzala zina, ndipo alimi onse akanamatero thonje likanachepa pamsika mtengo nkukweranso. Koma mlimi yemwe boma lake limamuwonjezera ndalama mtengo ukatsika alibe chifukwa chochepetsera, amalimabe mahekitala ake onse, thonje nkumangosefukira pamsika, mtengo nkukhalitsa pansi. Amene zimamuwawa ndi uja alibe womuwonjezera. Mu 2002 bungwe la Oxfam linawerengera kuti alimi a thonje a ku America pafupifupi 25,000 analandira madola 3.9 biliyoni mchaka chimodzi chokha, ndalama zoposa chuma chonse chomwe dziko la Burkina Faso linkapanga pachaka nthawi imeneyo, pomwe kumadzulo ndi pakati pa Africa anthu oposa 10 miliyoni ankadalira thonje lomwelo, lothyola ndi manja.

Mu 2003 mayiko anayi, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, anatopa nazo nkukatula nkhaniyi ku WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko lomwe likulu lake lili ku Geneva. Sanapite kukapempha chithandizo, anati masabuside a thonje athe, ndipo podikira kuti athe azilipidwa zomwe akutaya. Pamsonkhano wa nduna ku Cancún, dziko la Mexico, mu Seputembala chaka chomwecho, chikalata chomwe chinabwera patebulo chinkawalangiza kuti ayambe kudalira mbewu zina. Anthu olima thonje labwino komanso motchipa kuposa anzawo a ku America akuuzidwa kuti iwowo ndi amene asiye. Msonkhanowo unatha osagwirizana kanthu, ndipo nkomweko mlimi wa ku South Korea, Lee Kyung-hae, anadzibaya nkufa pa 10 Seputembala pampanda wotchinga anthu ochita zionetsero, atanyamula chikwangwani chonena kuti WTO ikupha alimi.

Dziko lomwe linakwanitsa kusumira America pa thonje ndi Brazil, mu 2002, chifukwa lili ndi ndalama zolipira maloya kwa zaka zambiri. Linapambana, apilo linapambananso mu 2005, ndipo mu 2009 linaloledwa kubwezera poika misonkho pa katundu wa America wa madola pafupifupi 830 miliyoni. Nde chomwe chinachitika ndi chomwe chimandipweteka mpaka lero: mmalo mosiya masabusidewo America inayamba kulipira Brazil madola 147 miliyoni pachaka kuchokera mu 2010, kenako mu 2014 inapereka 300 miliyoni kamodzi nkhani nkutsekedwa. Benin ndi Chad, omwe analowa nawo mu mlanduwo ngati okhudzidwa, sanalandire kalikonse. Ndinenenso kuti lero si America yokha, China imapereka ndalama zambiri kwa alimi ake a thonje kuposa America, India nayo imathandiza ake. Ku Hong Kong mu 2005 mayiko analonjeza kuti nkhani ya thonje ithetsedwa mwachangu komanso payokha, ku Nairobi mu 2015 anagwirizana zothetsa masabuside operekedwa potumiza zokolola kunja, chomwe chinali chinthu chenicheni ndithu, koma ndalama zomwe mlimi amapatsidwa ali kwawo komweko, zomwe ndi zambiri zija, sizinakhudzidwe.

Ndili ku koleji ndipo aphunzitsi anatchulapo za mabokosi a WTO, lachikasu, lobiriwira, kaya ndi lina liti. Sindinamve bwino. Ngati malamulo ndi amodzi kwa mayiko onse, zimatheka bwanji kuti olemera azipereka masabuside ambiri osaphwanya lamulo, pomwe osauka akangoyesa amanenedwa kuti akusokoneza msika?
*Mtsikana wophunzira zachuma*

Achemwali, funso lanuli ndi pomwe pagona nkhani yonse, nde ndichedwapo.

Pangano la zaulimi la WTO linasainidwa ku Marrakesh mu Epulo 1994 nkuyamba kugwira ntchito mu Januwale 1995, zokambirana zake zinayamba mu 1986. Thandizo lomwe boma limapereka kwa alimi analigawa mmabokosi. Lachikasu ndi la thandizo lomwe limakhudza mtengo kapena kuchuluka kwa zokolola, monga boma kugula mbewu pamtengo woikika, ili ndi lomwe lili ndi malire. La buluu ndi la ndalama zoperekedwa kwa mlimi yemwe wavomera kusapyola mlingo wina wa zokolola. Lobiriwira ndi la zomwe amati sizisokoneza kwenikweni malonda, kafukufuku, alangizi, misewu, komanso ndalama zomwe mlimi amangolandira posatengera zomwe walima chaka chimenecho. La buluu ndi lobiriwira alibe malire, perekani mmene mungathere.

Tsopano malire a bokosi lachikasu anawapeza bwanji? Anatenga zomwe dziko lililonse linkapereka mu 1986 mpaka 1988 nkunena kuti muyambire pamenepo kuchepetsa, olemera ndi 20 peresenti. Kutanthauza kuti amene ankapereka zambiri anatsala ndi chilolezo chachikulu, America mpaka lero ikhoza kupereka madola 19.1 biliyoni pachaka mu bokosi limeneli, European Union kuposa mayuro 60 biliyoni, ndipo akhoza kuunjika ndalamazo pa mbewu imodzi kaya ziwiri ngati afuna. Mamembala omwe ali ndi chilolezo chotere ndi ongopitirira pang'ono 30. Ena onsewo, omwe mzaka zimenezo analibe ndalama kapena anali atauzidwa ndi IMF ndi World Bank kuti achotse masabuside kuti apeze ngongole, chilolezo chawo ndi ziro, amangololedwa kamlingo kakang'ono kosapyola 10 peresenti ya mtengo wa zokolola za mbewuyo. Lamulo ndi limodzi zoona, koma linatenga kusiyana komwe kunalipo mu 1986 nkukusandutsa ufulu wa ena. Pamwamba pa izo mayiko olemera anasamutsa thandizo lawo lambiri kupita nalo mu bokosi lobiriwira, makamaka a ku Ulaya kuchokera mu 2003, ndipo pamapepala zimaoneka kuti achepetsa. Ine sindivomereza kuti ndalamazo sizikhudza msika. Mlimi yemwe akudziwa kuti chaka chilichonse cheke chibwera amatha kugula thirakitala, banki imamukhulupirira, ndipo akhoza kugulitsa pansi pa zomwe analowetsa osatseka famu.

Pali chinthu china chomwe aphunzitsi anu akuyenera kukuonetsani pabolodi, kawerengedwe ka sabuside boma likamagula chakudya kwa alimi ang'onoang'ono kuti lisunge mnkhokwe. Amatenga mtengo womwe boma lagulira lero nkuchotsapo mtengo wakunja wa mu 1986 mpaka 1988, osati wa lero ayi, wa nthawi imeneyo, kusiyanako nkuchulukitsa ndi zokolola. Tiyerekeze, thumba linali pa 100 mu ndalama za dzikolo nthawi imeneyo, lero pamsika lili pa 1,000 chifukwa zinthu zinakwera ndipo ndalama inagwa mphamvu, boma lagula pa 900. Aliyense akuona kuti boma lagula motsika kuposa msika, koma mmabuku a ku Geneva alemba kuti lapereka sabuside ya 800 pa thumba lililonse, ndipo 10 peresenti ija yapyoledwa kalekale. Zili ngati sikelo yoti mwaikapo thumba limodzi iyo ikuwerenga asanu ndi atatu, kenako nkukulipiritsani chindapusa kuti mwanyamula katundu wopyola muyezo.

India ndi yomwe yalimbana nazo kwambiri chifukwa lamulo lake la chakudya la mu 2013 limafikira anthu pafupifupi 800 miliyoni ndi mpunga ndi tirigu zomwe boma limagula kwa alimi. Ku Bali mu Disembala 2013 anagwirizana kuti mayiko asasumirane kaye pa nkhaniyi mpaka yankho lokhazikika lipezeke, ndipo anati lipezeka pofika 2017. Silinapezeke, ku Abu Dhabi mu 2024 anabalalikanso osamvana kanthu pa zaulimi. Choipa kwambiri kwa mayiko osauka nchoti chitetezo cha ku Bali chija chimangokhudza mapulogalamu omwe analipo kale mu Disembala 2013, nde dziko lomwe linalibe ndalama zoyambira nthawi imeneyo ndipo likufuna kuyamba pano silitetezedwa. Otsutsa nawo ali ndi mfundo, ndisabise, mayiko ogulitsa mpunga amaopa kuti zomwe zaunjikidwa mnkhokwe za India zidzatulukira pamsika wakunja motchipa nkugwetsa alimi awo, omwenso ndi ang'onoang'ono. Koma mankhwala a zimenezo nkuletsa kuti za mnkhokwe zisagulitsidwe kunja ndi kuonetsa mabuku poyera, osati kukakamira mitengo ya mu 1986.

Mukafunsidwa pamayeso kuti zosintha zofunika ndi ziti, yambani ndi kawerengedwe kameneka, kuti azigwiritsa ntchito mitengo ya zaka zaposachedwa. Kenako chilolezo chapadera cha mayiko 30 aja chithe, kapena pakhale denga pa mbewu iliyonse kuti asaunjike zonse pa thonje, shuga kapena mkaka. Bokosi lobiriwira nalo liunikidwenso. Lipoti la mabungwe atatu a United Nations la mu 2021 linati maboma amapereka madola 540 biliyoni pachaka kwa alimi ndipo 87 peresenti ya ndalamazo imapotoza mitengo kapena kuononga chilengedwe ndi thanzi la anthu, pomwe minda yosakwana mahekitala awiri, yomwe ndi 84 peresenti ya minda yonse padziko, imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse pa 12 peresenti yokha ya malo olima. Ku Ulaya komweko pafupifupi 80 peresenti ya ndalama zopita kwa alimi imathera kwa 20 peresenti ya olandira, nde olo mlimi wamng'ono wa kumeneko naye akudandaula.

Ndimaweta nkhuku zogulitsa. Nkhuku za mufiriji zochokera kunja zikafika ife sitigulitsa, munthu sangagule yanga pomwe inayo ndi yotchipa, ndipo chakudya cha nkhuku ndimagula modula. Bwanji maboma osangotseka malire basi kuti chakudya chakunja chisamalowe? Zikuvuta pati?
*Mayi woweta nkhuku*

Mayi, pepani, ndikudziwa kuti nkhuku ikafika masabata ogulitsa siidikira, imadyabe tsiku lililonse ndipo phindu limathera mchodyeramo. Mukatsegula katoni ya nkhuku zakunjazo muone zomwe zilimo, kawirikawiri ndi ntchafu, mapiko, misana, makosi. Ogula a ku Ulaya ndi ku America amakonda chidali ndipo amachilipira bwino, kampani imabweza ndalama zake pa chidalicho, zotsalazo ikhoza kugulitsa pamtengo uliwonse bola zichoke mufiriji. Inu mukugulitsa nkhuku yathunthu yomwe iyenera kubweza zonse, mukupikisana ndi zotsala za wina. European Union inasiya kulipira makampani potumiza nkhuku kunja mu 2013 koma makontena sanasiye kubwera, a ku Brazil ndi ku America nawonso.

Zomwe zimachitika dziko likatsegula malire mosaganizira alimi ake tinaziona ku Haiti. Mu 1995 msonkho wa mpunga wakunja unatsitsidwa kufika pa 3 peresenti, mpunga wa ku America wokhala ndi sabuside unadzaza misika, alimi ambiri anasiya minda nkupita mtauni, ndipo dziko lomwe linkadzilimira mpunga wake wambiri lero limadalira wogula kunja. Mu Malichi 2010 Bill Clinton, yemwe anali pulezidenti wa America nthawi yomwe izi zinkakakamizidwa, anavomera pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo ya kwawo kuti mwina zinapindulira alimi a kwawo ku Arkansas koma kwa Haiti kunali kulakwitsa. Ku Ghana mu 2003 nyumba ya malamulo inakweza msonkho wa nkhuku zakunja kuchoka pa 20 kufika pa 40 peresenti, koma boma linabwerera mmbuyo litakambirana ndi IMF. Apa muonepo chinthu, malamulo a WTO ankalola Ghana kukweza mpaka 99 peresenti, amene anatseka njira ndi wobwereketsa ndalama. Senegal inaletsa nkhuku zakunja mu 2005 chifukwa cha chimfine cha mbalame ndipo ulimi wa nkhuku kumeneko unakula kwambiri, komanso amaimitsa anyezi wakunja miyezi yomwe alimi awo akukolola. Nde kuteteza kumatheka ndipo pena kumagwira ntchito.

Chomwe mayiko osauka akhala akupempha ku WTO ndi chilolezo chokweza msonkho mwachangu kwa kanthawi katundu akangosefukira mwadzidzidzi kapena mtengo wake ukagwa kwambiri, osadikira kafukufuku wa miyezi yambiri alimi atagwa kale. Chodabwitsa nchoti chida chofanana nacho chilipo kale mu pangano la 1995, koma mamembala 39 okha ndi omwe anadzisungira ufulu wochigwiritsa ntchito, kuphatikizapo America, Japan ndi European Union, mayiko ambiri a mu Africa mulibe. Nkhani imeneyi ndi yomwe inagwetsa zokambirana za ku Geneva mu Julaye 2008, India ndi America atalephera kumvana kuti katundu achuluke kufika pati kuti chidacho chigwire ntchito.

Koma zotseka malire onse sindingakuvomerezeni mayi, ndipo chifukwa chake chili mkhola mwanu momwemo. Chakudya cha nkhuku chomwe mukuti nchodulacho, chaka cha chilala chimafunika chichokere kwa oyandikana nawo, iwo akatseka inu mumavutika kawiri. Alimi ang'onoang'ono ambiri amagulitsa pokolola nkudzagulanso chakudya miyezi ya njala, nde mtengo ukakwera nawonso amalira. Mu 2007 ndi 2008 India, Vietnam ndi ena analetsa kapena kuchepetsa kutumiza mpunga kunja, ogula anachita mantha nkuyamba kuunjika, mtengo unapyola madola 1,000 pa tani mmiyezi yochepa, ndipo omwe anavutika kwambiri ndi osauka a mmayiko ogula. Malamulo a WTO ndi ofooka kwambiri pa zoletsa kutumiza chakudya kunja, chomwe anakwanitsa mu Juni 2022 nchoti chakudya chogulidwa ndi World Food Programme chothandizira anthu ovutika chisamatsekeredwe. Ine mbali yanga ndi yoti msonkho uzikwera pa katundu amene akupha alimi, kwa nthawi yodziwika, ndalama yakeyo ipite kotsitsa mtengo wa chakudya cha ziweto, katemera ndi magetsi a mafiriji, kuti nthawiyo ikatha inu mukhale mutalimba.

Amati mayiko osauka kwambiri amagulitsa ku Ulaya opanda msonkho. Nanga bwanji tikungogulitsabe khofi ndi koko wosakonza, chokoleti nkumapangidwa kwina?
*Mnyamata wa kopaletivi*

Zoona achimwene, kuchokera mu 2001 European Union imalola katundu yense wa mayiko osaukitsitsa kulowa opanda msonkho kupatula zida zankhondo. Kwa mayiko ena omwe alibe mwayi umenewu vuto lakale lidakalipo mmisika yambiri, msonkho umakhala wochepa pa mbewu yosakonza nkumakwera mukaikazinga, kuipera kapena kuiika mpaketi, ndipo izi zimasunga mafakitale ndi ntchito kumayiko ogula. Koma olo msonkho utachoka pamatsala mpanda wina, wa miyezo ndi masatifiketi. Mtedza uyezedwe chuku, zipatso ziyezedwe mankhwala otsalira, ndipo lamulo la ku Ulaya la mu 2023 likufuna kuti khofi, koko, soya, mafuta a kanjedza, labala, matabwa ndi ng'ombe zisachokere pamalo omwe nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020, munda uliwonse uonetsedwe pamapu. Cholinga nchabwino, nkhalango zikutha ndipo mlimi ndi amene amayamba kuvutika mvula ikasokonekera. Koma kampani ya munda umodzi waukulu imajambula kamodzi basi, pomwe kopaletivi ya alimi masauzande, ena opanda foni, ena opanda pepala la malo, iyenera kuyenda munda ndi munda, ndipo wogula akaona kuti nzovuta amangosamukira kwa wamkulu uja. Tsiku loyambira lamuloli analisunthapo kale chifukwa cha madandaulo. Ine ndimati woika muyezo azilipira nawo mtengo woukwaniritsa, ndipo alimi azifunsidwa lamulo lisanalembedwe.

Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima pafupifupi theka la koko wa dziko lonse koma kwa zaka zambiri mlimi sankafika olo pa 10 peresenti ya mtengo wa chokoleti cha mshopu. Mu 2019 mayiko awiriwa anagwirizana kuti ogula aziwonjezera madola 400 pa tani kuti apite kwa mlimi. Makampani ena anazemba potsitsa mbali ina ya mtengo, komabe zinaonetsa kuti ogulitsa akayankhula limodzi ogula amakhala pansi nkumvetsera.

Akonzi musatitayitse nthawi. Zokambirana zokonzanso malamulo a WTO zinayamba ku Doha mu 2001 mpaka lero palibe chatuluka, WTO inafa kale. Mlimi wamba angachitepo chani pa zinthu zokambidwa ku Geneva?
*Mphunzitsi wopuma pantchito*

Aphunzitsi, kukwiya kwanu ndikukumvetsa ndipo mbali ina mukunena zoona. Ku Doha analonjeza kuti zokambiranazo zikhala za chitukuko cha mayiko osauka, zaka zoposa 20 zadutsa. WTO ili ndi mamembala 166 ndipo chinthu chimadutsa pokhapokha palibe wotsutsa, dziko limodzi likhoza kuimitsa zonse. Khothi lake la apilo silikugwira ntchito kuchokera mu Disembala 2019 chifukwa America inakana kuti asankhe oweruza atsopano, nde dziko likaluza mlandu limangochita apilo kukhothi komwe kulibe anthu, mlandu nkuima pomwepo. Mkulu wa bungweli kuchokera mu 2021 ndi mayi wa ku Nigeria, Ngozi Okonjo-Iweala, koma iye sangakakamize mayiko.

Komabe kunena kuti inafa sikumuthandiza mlimi, chifukwa malamulo a 1995 aja akugwirabe ntchito lero lino, chomwe chinaima ndi kuwakonza. Ndipo bungweli likatheratu sikuti padzabwera chilungamo, padzatsala mapangano a mayiko awiriawiri momwe wamng'ono amakhala yekha patebulo ndi wamkulu. South Africa inaziona mu 2015, inauzidwa kuti ilole matani 65,000 a nkhuku za ku America pachaka apo ayi itaya mwayi wogulitsa zokolola zake ku America opanda msonkho pansi pa AGOA, lamulo la America lopereka mwayi umenewu kwa mayiko a mu Africa, ndipo inalola. Imeneyo ndi South Africa, nanga dziko laling'ono? Zomwe zinapezeka ku Nairobi mu 2015 zinabwera chifukwa mayiko anakakamira limodzi kwa zaka zambiri, ndipo alimi okha kudzera mu La Via Campesina, gulu lomwe linayamba mu 1993, anakankha mpaka United Nations inavomereza chikalata cha ufulu wa alimi ang'onoang'ono mu Disembala 2018.

Pomwe ndikufuna muike mphamvu zanu ndi pafupi. Maboma ambiri amabisala kumbuyo kwa WTO pa zinthu zomwe WTO siiletsa nkomwe. Ndime 6.2 ya pangano lomwe lija imalola mayiko omwe akutukuka kumene kupereka sabuside ya zipangizo monga feteleza ndi mbewu kwa alimi osauka popanda malire. Alangizi, kafukufuku, misewu ya kumidzi, madamu a ulimi wothirira, zonsezi zili mu bokosi lobiriwira, palibe woletsa. Mayiko ambiri a mu Africa misonkho yomwe amalipiritsa pa zokolola zakunja ili pansi kwambiri poyerekeza ndi denga lomwe analembetsa ku Geneva. Ku Maputo mu 2003 atsogoleri a mu Africa analonjeza okha kuika 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, anabwerezanso ku Malabo mu 2014, ndi ochepa omwe akwaniritsa. Pangano la msika umodzi wa Africa linasainidwa ku Kigali mu 2018 koma malole a zokolola amagonabe pamalire masiku angapo, ndipo boma limatha kudzuka mmawa nkuletsa kugulitsa mbewu kunja alimi atangokolola kumene, mtengo nkugwera pansi, izi sizichokera ku Geneva.

Nde bungwe lanu la alimi likakumana ndi phungu kapena nduna ya zamalonda, lifunse kuti nthumwi zathu zikukanena chani pa nkhani ya nkhokwe ndi ya thonje ku msonkhano wotsatira, ndani mwa alimi anafunsidwa maganizo, pangano lomwe mukufuna kusaina ndi dziko lolemera likutisiyira mpata wokweza msonkho katundu akasefukira kapena ayi, ndipo bajeti ya ulimi chaka chino yafika peresenti zingati. Mayankho awo awapereke polemba, ndipo mukawalandira titumizireni tidzawasindikize patsamba lino.